Tsiku Limene Anathimitsa Abwana

Magetsi anathima Mayi Sizasi ali pakati posoka kolala. Mapazi awo sanaleke kupalasa makina, koma anadziwa chimene chikubwera. Pakona kabatire kosungira magetsi kanayamba kulira pi, pi, pi. Amuna awo, amene msewu wonse unkawatcha Ainjiniya ngakhale anali asanakonzepo chinthu n'kuchira, anadumpha mpukutu wa nsalu n'kuthamangira kuseri. Jenereta inakhosomola kawiri, kenako inabangula. Utsi unayamba kulowa pawindo.

Jeneretayo sinali ya makina osokera ayi, pakuti onse anayi anali opalasa ndi mapazi. Inali ya Abwana.

Abwana inali kompyuta yakale, chibokosi chotuwa chokhala ndi tebulo lakelake. M'mimba mwake munali miyezo ya makasitomala onse, pamodzi ndi ya ana 312 a pasukulu imene shopuyo inkaisokera mayunifomu. Zaka zinayi zapitazo anaithimitsapo kamodzi, ndipo inakana kuyaka masiku atatu. Kuyambira pamenepo Ainjiniya anaika lamulo lakuti Abwana sathimitsidwa. Mkati mwa sabata ndi Lamulungu lomwe, ankangong'ung'udza pakonapo. Fani imodzi yokha ya m'shopumo inkaziziritsa iwowo, anthu osoka akuchucha thukuta.

"Achimwene, nafenso ndife anthu," anatero Alamu, mchemwali wa Ainjiniya, amene ankadula nsalu.

"Iwe ukatentha umamwa madzi. Abwana akatentha tonse tagwa," Ainjiniya anayankha akupukuta manja.

Nthawi yomweyo analowa Ahedi a pasukulu ija, mayi wamfupi woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Anatola shati limodzi pa mulu wa mayunifomu, n'kulinunkhiza.

"Mayi, ana angawa akupita m'kalasi kapena kukawotcha matayala?"

Mayi Sizasi, amene pakamwa pawo pankadula ngati dzina lawo, ananunkhiza shatilo, n'kumva fungo la utsi wa jenereta.

"Chaka chatha munataya pepala la miyezo ya ana atsopano," Ahedi anapitiriza. "Mwana wina anavala kabudula wofika m'miyendo ngati siketi. Makolo sanaiwale. Chaka chino atsopano alipo 41. Ndikufuna zonse Lachisanu la sabata yamawa, zokwana, zosanunkha. Zikapanda kutero, komiti ya makolo yati tipeze telala wina."

Anatuluka. M'shopumo munatsala phokoso la jenereta lokha. Ntchito ya sukuluyo ndi imene inkayendetsa makina anayiwo theka la chaka. Ikanapita, atsikana awiri amene ankasoka m'shopumo akanabwerera kunyumba.

Asanapume n'komwe, pakhomo panaima Anesi, mayi amene anapuma ntchito kuchipatala n'kutsegula shopu ya mankhwala khomo loyandikana. Anali ataphimba mphuno ndi mpango.

"Aneba, m'shopu mwanga muli mwana wa mphumu. Wabwera kudzagula mankhwala, ndiye inu mukumuwonjezera matenda. Kodi chimautsi chimenechi mukuyendetsera chiyani?"

Mayi Sizasi analoza pakona. Anafotokoza zonse, lamulo la amuna awo lomwe.

Anesi anaseka mpaka mpango unagwa. "Petulo yenseyu ndi wosungira manambala a ziuno? Inetu mndandanda wa mankhwala anga onse, ndi masiku amene amathera mphamvu, ndimasunga pa klaudi."

"Ndiye kuti?" anafunsa Mayi Sizasi.

"Ndi makompyuta akuluakulu a makampani, okhala m'nyumba zomangidwira ntchito imeneyo. Inu mumangotengako malo pang'ono, ngati shelefu m'nyumba yosungira katundu. Mumafikako kudzera pa intaneti, ndi foni kapena kompyuta ina iliyonse. Foni ikagwera m'madzi, zinthu zanu zili pomwepo."

Ainjiniya anapinda manja. "Makompyuta awowo amadya mpweya? Sadya magetsi?"

"Amadya, bambo, ambirinso. Koma imodzi imatumikira mashopu mazanamazana nthawi imodzi. Yanuyi ikudya magetsi osapuma chifukwa cha mndandanda umene mumautsegula kawiri pa tsiku. Mwachita hayala basi yonse kuti inyamule munthu mmodzi."

Alamu anawomba m'manja. "Auzeni, Anesi! Ife tikanena amati sitinaphunzire."

Koma Mayi Sizasi sanali munthu wotengeka. "Nanga chinsinsi? Mmenemu muli miyezo ya amayi olemekezeka. Chiuno cha akazi a abusa chikadziwika kunja, ine ndisamuka."

"Funso ndi limenelo," anatero Anesi. "Muike pasiwedi yaitali. Lisakhale dzina la mwana wanu kapena chaka chimene munabadwa. Muyatsenso chitetezo chachiwiri, choti munthu akafuna kulowa, foni yanu izilandira nambala. Ndipo musamapatse aliyense. Alamu anuwa muwatsegulire khomo lawolawo, la miyezo ya sukulu yokha."

"Netiweki ikavuta?"

"Mumaiuza foni kuti isungenso fayiloyo. Mumalemba bwinobwino, ndipo netiweki ikabwera zimapita zokha. Bandulo ya intaneti muzigula, sindikunamizani. Koma muiyerekeze ndi chigubu cha petulo."

Ainjiniya anapukusa mutu. "Ine zinthu zanga ndimafuna ndiziziona ndi maso."

"Bambo a ana," anatero Mayi Sizasi mofatsa, kufatsa kumene onse ankakuopa, "zinthu zimenezi si zanu. Anayeza anthuwa ndine, ndi tepi yangayi. Anesi, tiyambe liti?"

Anayamba Lachitatu masana, magetsi atabwera. Anesi anawalangiza kuti asafufute kalikonse pa Abwana, angokopera basi. Atamaliza anati, "Tsopano muonetsetse. Musandikhulupirire ine, khulupirirani maso anu." Choncho Alamu anakhala pa kompyuta, Mayi Sizasi atagwira foni, n'kumawerengerana mzere ndi mzere.

"Kalasi yachitatu, nambala 17. Chifuwa 26, chiuno 23."

"Zilipo."

"Nambala 18. Chifuwa 25, chiuno 29. Kamwana aka kamadya chiyani?"

"Alamu, werengani, musaweruze."

Anamaliza Lachinayi dzuwa lili pamutu. Palibe mzere umene unasowa. Mayi Sizasi anaimirira, anakonza tepi pakhosi, n'kupita pakona. Ainjiniya anavula chipewa.

"Mayi, ganizani bwino."

"Ndaganiza zaka zinayi."

Anadina batani. Kung'ung'udza kuja kunachepa, kenako kunatha. Munakhala bata lachilendo, moti anamva nkhunda zikuyenda padenga. Alamu sanadikire. Ananyamula fani n'kuiika patebulo lodulira, n'kuima patsogolo pake atatambasula manja. Atsikana osoka aja anaseka mpaka misozi.

M'mawa mwake Mayi Sizasi anapeza amuna awo atafika kale, atagwada pansi pa tebulo. Ankadina batani mobwerezabwereza. Abwana anali zii.

"Mwaona? Ndinanena ine! Afa!"

Mantha a zaka zinayi sachoka tsiku limodzi. Komabe Mayi Sizasi anatulutsa foni m'thumba la epuloni.

"Tchulani munthu aliyense."

Ainjiniya anaganiza. "Dalaivala wamtali uja, wa suti yabuluu."

"Mkono 27, phewa 19. Wina?"

Anatchula anthu asanu ndi awiri. Onse anapezeka. Pa wachisanu ndi chitatu Ainjiniya anayamba kuseka okha. "Ndiye kuti akanafa sabata yatha..."

"Tikanakhala tikuthamangitsa ana 312 ndi tepi," anamaliza Alamu.

Lolemba Mayi Sizasi anapita kusukulu kumene ana atsopano anaitanidwa kudzayezedwa. Kale ankalemba papepala, kubwera nalo kushopu, Ainjiniya n'kulowetsa mu kompyuta ndi chala chimodzi, ndipo masiku awiri ankathera pamenepo. Tsopano ankayeza mwana n'kulemba pafoni, ndipo kushopu Alamu ankaona nambala zikutulukira pafoni yawo, n'kuyamba kujambula ndi choko pansalu. Netiweki inasowa kwa theka la ola. Iwo anangopitiriza kulemba, ndipo itabwera zonse zinapita.

Magetsi anathima kawiri sabata imeneyo. Palibe amene anadumpha nsalu. Ankasoka magetsi kulibe, n'kumasita akabwera.

Lachinayi m'mawa Ahedi anaimba foni. "Mayi, pepani. Kwabwera ana ena asanu ndi anayi osamukira kuno. Ndikudziwa kuti nthawi yatha. Awa angodikira."

"Asadikire. Aimikeni pamzere, ndikubwera."

Pamene ankabwerera kushopu masana, anapeza nsalu za ana asanu ndi anayiwo zitadulidwa kale, makina atatu akulira. Pa makina achinayi panali Ainjiniya, akulumikiza matumba lilime lili kunja.

"Kani mumatha kusoka?" anafunsa Mayi Sizasi.

"Ntchito yolondera Abwana inatha. Ndikufunsira ina."

Lachisanu mayunifomu onse anafika kusukulu. Ana atsopano anavala pomwepo, makolo akuonerera. Ahedi anayenda pamzere, akukoka phewa apa, kutembenuza mwana apo. Atafika kumapeto anatembenuka.

"Komiti inandiuza kuti zikayenda bwino ndikufunseni: zovala zamasewera mungasokenso?"

Mayi Sizasi anati aganiza kaye. Koma atangotuluka pageti anaimbira Alamu, ndipo nthungululu imene inamveka pafoniyo inadzidzimutsa wogulitsa nthochi tsidya la msewu.

Ainjiniya ankafuna kutaya chibokosi chija kudzala. Anesi anawaletsa, nati m'kati mwake muli zitsulo za poizoni zimene zimalowa m'nthaka ndi m'madzi. Anachipereka kwa anthu otolera zipangizo zamagetsi zakufa, amene amazimasula n'kugwiritsanso ntchito zimene zingathe.

Mwezi wotsatira, pamsonkhano wa matelala, anapempha Mayi Sizasi kuti afotokoze mmene anachitira. Sanachulutse mawu.

"Anzanga, miyezo ya makasitomala ndiye shopu yeniyeni. Musaisunge malo amodzi okha, kaya m'kope kaya mu kompyuta. Ikopereni pa klaudi, muonetsetse kuti zonse zafika, mutseke ndi pasiwedi yolimba. Ntchito imafulumira, magetsi ndi petulo zimapulumuka, ndipo aneba anu amapuma mpweya wabwino. Kompyuta yakufa musaitaye kudzala. Amene ali ndi foni aitulutse pompano, ndimuonetse poyambira."

Matelala khumi ndi anayi anapisa m'matumba.