Bwalo Losasesedwa la ku Kasanda

Ku Kasanda konse kunali bwalo limodzi lokha losasesedwa, la Zacheus Nkhoma. Amayi a m'nyumba zina za mgodi ankalawirira ndi matsache, kusesa mpaka dothi lotuwa lija liwale ngati mbale, koma pa Nkhoma pankakhala makoko a mtedza, masamba a mango, utuchi ndi zitosi za nkhuku, zonse zitayalidwa mochindikala ngati bulangete. Odutsa ankati, "Pakhomo pa munthu wopemphera pamaoneka chonchi?" Akatero ankaimabe n'kumayang'ana maluwa, poti kwina konse fumbi la mgodi linkapsereza ngakhale bonongwe.

Anayambitsa zimenezi ndi mkazi wake, malemu Lettie. Mwana wawo woyamba, Nellie, anamwalira akadali wokwawa atadwala matenda okomoka, ndipo namwino wina ananong'oneza Lettie kuti dothi la kumeneko lili ndi mtovu, mwana asamalidye. Lettie atabwerera kunyumba anaponya tsache padenga. "Dothi ili lisakhalenso poyera," anatero. Zacheus akaweruka kumgodi ankapalasa njinga kukatenga dothi lakuda kudambo, Lettie n'kumatola makoko kumsika, amayi anzake akumuseka. Zophimbirazo zinkaola, iwo n'kuyalanso zina, mpaka pansi panafewa, nyongolotsi zinabwera. Pafupi ndi chitseko Lettie anabzala kamtengo ka haibisikasi kamene anapempha kwa wosamalira maluwa wa kumayadi a mabwana a mgodi, ndipo kanakula mpaka kufika padenga, maluwa ake ofiira ngati makala a moto. Ana obadwa pambuyo pake anakwawa pa makoko, anakula, anapita kukagwira ntchito kutali.

Mu 1976 Zacheus anapuma pantchito, ndipo lamulo linali lodziwika: wopuma amasiya nyumba ya mgodi. Anapeza kanyumba ku Makandanyama. Mipando ndi bedi sizinamuvute kunyamula, koma unali mwezi wa Ogasiti, wamphepo ndi fumbi, ndipo mtengo waukulu suzulidwa mvula isanagwe.

N'chifukwa chake anapita yekha kwa kalaliki wa nyumba kukalankhulira Gershom Sakala kuti nyumbayo ipatsidwe kwa iye. Gershom anali mnzake wa pansi pa mgodi, ndipo kutchalitchi cha Reformed ankakhala benchi limodzi kuyambira ali anyamata. Pamaliro a Lettie, Gershom ndiye anagwira kutsogolo kwa bokosi. Banja lake linali lalikulu, lothinana m'zipinda ziwiri, ndipo kalaliki anavomera.

Tsiku lopereka makiyi Zacheus anaima pafupi ndi haibisikasi uja.

"Achimwene, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mvula ikagwa ndidzabwera kudzazula duwa la Lettie ndi kutapako dothi. Kufikira pamenepo musasese. Madzi otsukira mbale muzithira patsindepa, basi."

Gershom anaseka mpaka kutsokomola. "Inu mwandipatsa denga, ine ndilephere kukusungirani zinyalala?"

"Koma alamu, nanga njoka?" anafunsa Phoebe, mkazi wa Gershom, akuyang'ana masambawo mokayika.

"Njoka yake iti, alamu? Ku Kasanda kuno njoka zinasamuka kalekale, zinatisiyira ife opanda nzeru."

Onse anaseka, ndipo Gershom anagwira pachifuwa. "Pitani ndi mtima umodzi. Duwali ndi la mlamu wanga."

Ku Makandanyama Zacheus anakumba dzenje pafupi ndi chitseko, lakuya kufika m'chiuno, n'kuthiramo masamba ndi ndowe kuti ziole podikira. Mu Seputembala anakazonda ku Kasanda, anapeza zonse zili bwino, patsinde pali chinyezi. Anamvanso kuti Gershom wasankhidwa kukhala tcheyamani wa chipani m'chigawo chawo, ndipo anamugwira chanza ndi manja awiri.

Pa tsiku lokumbukira ufulu, mu Okutobala, anyamata a chipani anatseka msika n'kumakusa anthu kupita kubwalo la mpira. Zacheus anavala jekete lake la kutchalitchi n'kupita. Dzuwa linali loswa mtengo. Anaima kumbuyo, akudzikupizira mphepo ndi chipewa, mpaka maso ake anagwera pansanja ya alendo. Kutsogolo kwake kunali zitini zamaluwa zondandalikidwa, ndipo pakati, mumgolo wodula pakati wopakidwa utoto wobiriwira, munali haibisikasi wamkulu, masamba ali zyolizyoli.

Mitengo imafanana, anadziuza. Anasendera pafupi, akupepesa anthu. Patsinde panali pokhota pamene ankapadziwa bwino, ndi kansalu ka chitenje kofwifwa komwe Lettie anamangira nthambi itathyoka ndi mphepo. Kansaluko kanali katalowa m'khungwa.

"Maluwa mukuwaonawa," anafuula woyendetsa mwambo pachimkuzamawu, "ndi mphatso ya atcheyamani athu a Sakala, olimidwa ndi manja awo pakhomo pawo! Ndani ankati ku Kasanda sikungamere kanthu?"

Amayi analuluta. Gershom anaimirira atavala suti ya safari yatsopano, n'kuweramira mlendo wochokera kuboma.

Zacheus sanali munthu wofulumira kuweruza. Akuyenda wapansi kupita ku Kasanda ankamufunira mnzake zifukwa. Mwina anyamata aja anabwera ndi makasu Gershom kulibe. Mwina anamuopseza, masiku amenewo kukaniza chipani chinthu kunali kudziitanira mavuto. Mwina anazula bwino, ndi dothi lake lonse, kuti madzulo abwezere.

Atakhota pangodya anayamba waganiza kuti wasokera. Bwalo linali mbee, mizere ya tsache ikuoneka, miyala yopakidwa laimu itandandalikidwa m'mbali mwa njira. Dothi lakuda lija linali litapalidwa mpaka kufika pa lotuwa la pansi. Kuseri kunali mulu wa phulusa, ndipo pafupi ndi chitseko panali dzenje laling'ono, loti nkhuku ikhoza kuikiramo mazira. Mphepo inadutsa, fumbi n'kunyamuka kulowa pakhomo.

Phoebe anatuluka, atamuona anagwira pakamwa. Anabweretsa mpando, anagwada n'kupereka moni, koma Zacheus anayankha ali chiimire. Anadikira choncho mpaka Gershom anatulukira, akupukuta thukuta m'khosi.

"Aa, achimwene! Munali kubwalo? Mwaona mmene mlendo anakondwera?"

"Ndaona. Zophimbira zija zili kuti?"

"Tinatentha. Taganizani inunso, tcheyamani angauze bwanji anthu kuti asese pokonzekera tsiku la ufulu, pakhomo pake pali dzala?"

"Nanga dothi?"

"Linapita m'zitini, lina ku ofesi ya chipani. Lagwira ntchito yabwino, achimwene, lagwirira dziko."

"Mukanandituma mawu. Makandanyama si ku Malawi."

Gershom anayang'ana nsapato zake. "Mukanakana."

"Eya, ndikanakana," anatero Zacheus. "Ndiuzeni chimodzi chokha, mtima wanga ukhale pansi. Anakuumirizani?"

Gershom anatsegula pakamwa, koma Phoebe anamudula mwamuna wakeyo ali pakhomo, mawu ali pansi. "Bambo a Sailas, musawonjezere bodza pamwamba. Munadzipereka nokha pamsonkhano. Ine ndinasesa, inde, tsachelo linali m'manja mwanga, koma ndinakufunsani kawiri konse za alamu."

"Iwe, lowa m'nyumba!" Gershom anatembenuka, nkhope itasintha. "Tamverani, a Nkhoma. Nyumbayi ndi ya mgodi. Dothi ndi la mgodi. Munasiya makiyi, si choncho? Ndiye munthu azikhala m'nyumba ngati mlonda wa maluwa a eni ake mpaka liti? Ndi duwa chabe. Mvula ikagwa ndikupezerani lina, ngakhale awiri."

Zacheus anamuyang'anitsitsa. Uyu ndi munthu amene ankagawana naye botolo la tiyi pansi pa nthaka, amene anamuona akulira pamanda a Nellie ndipo ankadziwa bwino chimene makoko aja ankaphimba. Zikanakhala kuti waiwala, bwenzi zili zopepukirapo.

"Adzukulu anu azikwawa pati?" anafunsa.

Zacheus anavala chipewa n'kutuluka, akuponda pakati pa miyala yalaimu ija.

Kubwalo la mpira anthu anali atabalalika, mipando itachotsedwa. Mgolo uja unali pomwepo padzuwa, mbuzi ikudya masamba a m'munsi. Anaithamangitsa, anagwada, n'kufukula ndi manja. Mizu inali yodulidwa ndi nkhwangwa kuti ikwane mumgolo, yotsala ngati chibakera. Panalibe choti n'kunyamula. Anatulutsa mpeni, anadula timitengo tingapo tomwe tinali tisanafote kwenikweni, anatikulunga m'kampango konyowetsa pampopi. Kenaka anakanganula kansalu ka chitenje kaja m'khungwa n'kukaika m'thumba la jekete.

Anatibzala m'dzenje la ku Makandanyama, anatiphimbira, anatimangira kamthunzi ka udzu. M'mawa uliwonse ankakanda khungwa ndi chikhadabo kuona ngati mkati mukadali mobiriwira. Tinali titapsa kale ndi dzuwa la tsiku lija. Pamene mvula yoyamba inkagwa mu Novembala, tonse tinali titada, ndipo dzenje lalikulu lija linangodzaza madzi.

Lamulungu lotsatira Zacheus analowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba itayamba. Gershom anasendera pabenchi lawo lija, n'kupapasa pamalo opanda munthupo.

"Achimwene, malo alipo."

"Zikomo, atcheyamani," anatero Zacheus, n'kupitirira kukakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera.

Lolemba anatenga thumba n'kupita kumsika kukatola makoko, kumene amayi ogulitsa mtedza anayamba kale kumuzolowera. Mwana wake wamkazi anali atatumiza mawu kuti pa Khirisimasi abwera ndi khanda loyamba kukwawa, ndipo bwalo la ku Makandanyama linali likadali poyera.