Wachinayi wa Gulu la Mvuu

Tereza anagwa m'udzu kuseri kwa nyumba yopanda denga, chipolopolo chitamupeza kumsana. Pafoni panaoneka kamzere kofiira kosonyeza moyo womutsalira, ndipo kankafupika iye akuona. Anzake atatu anali pafupi, kutsidya kwa kamlatho. Mu gemu imeneyi, wogwa akafikiridwa msanga ndi mnzake amadzuka n'kupitiriza nkhondo. Tereza ankawamva m'makutu akuitanizana, koma analuma mlomo n'kuyamba kukwawa yekha kulowera kukhoma. Sanafike. Foni inachita mdima.

"Ba Tereza, muli kuti?" anafunsa Chimuka, mtsogoleri wa gululo.

"Nafa."

"Futi? Mwafa liti?"

Tereza anazula timawaya m'makutu n'kuponya foni pampando. Linali Lamlungu masana, chitenje chopitira ku Misa chikadali m'chiuno. Magetsi anali atapita m'mawa, ndipo mu Kafue Estates munkangomveka jenereta ya pashopu yapakona. Pakhonde, mwamuna wake Wenceslaus ankaswa mtedza m'lichero.

"Akuphaninso, amake Olivia?"

"Musandiyambe."

"Sindikukuyambani. Koma buku lija lili patebulo kuyambira Lachinayi, posachedwa limera udzu. Mapanga awiri avumbwitsa."

Chowawa kwa Tereza chinali chakuti mapanga onse awiriwo ankadontha.

Ku yunivesite anali atalowako kale ali mtsikana, koma bambo ake, amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kufakitale ya ku Kafue, anamwalira iye ali m'chaka chachiwiri. Ananyamula sutikesi n'kubwerera kudzalera azing'ono ake. Anapeza ntchito pakampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza, nakhala pamenepo mpaka imvi zinayamba kutuluka. Achinyamata ankabwera ndi madigiri, iye n'kuwaphunzitsa ntchito, kenako iwo n'kukhala mabwana ake. Wachitatu atamudumpha, Tereza analembetsa maphunziro a Loweruka ku Lusaka.

Maphunziro ena ankayenda. Koma panali limodzi, sitatisitiki, limene linamukhalira ngati fupa pakhosi. Anali atalephera kale kamodzi, ndipo lamulo linali lomveka: akalepheranso, sukulu yathera pomwepo. M'kalasi ankakhala kutsogolo, akulemba chilichonse chotuluka pakamwa pa mphunzitsi. Ana a msinkhu wa Olivia wake ankamutcha Ba Mami. Ankamupatsa mpando, kumunyamulira chikwama, ndipo akayandikira pamene akucheza, nthabwala zinkazima. Mphunzitsi akafunsa kuti, "Pali funso?" Tereza ankaweramira m'kope. Munthu amene kwawo amaweruza milandu ya maukwati angaimike bwanji dzanja pamaso pa ana n'kunena kuti sakumva?

Gemuyo anaipeza m'minibasi. Tsiku lina magalimoto atapanikizana pa Chilanga, mayi amene anakhala naye pafupi ankagwedeza foni uku ndi uku, akulamula anthu osaoneka. Anali Chimuka, wogulitsa mankhwala m'famase ku Lusaka. Ataona Tereza akusuzumira, anamufotokozera kuti anthu anayi amadumpha m'ndeke n'kugwera pachilumba, kumene amalimbana ndi magulu ena mpaka kutsale limodzi. Gulu lawo linkatchedwa Mvuu za Kafue, ndipo linkasowa wachinayi. Tereza anaseka, koma pofika kunyumba gemu inali m'foni.

Poyamba zinkamukomera. Kumeneko kunalibe womupatsa mpando. Given ndi David, anyamata awiri a m'gululo amene sanawaonepo nkhope, ankamukalipira ngati mnzawo, ndipo iye ankaseka mpaka misozi. Koma miyezi inapita, iye osapita patsogolo. Zala zake zinali zolemera. Ankafa woyamba pafupifupi nthawi zonse.

Lachitatu lotsatira Lamlungu lija, zotsatira za mayeso apakati pa teremu zinatuluka pafoni ali kuntchito. Za sitatisitiki zinali zoipa. Anaziyang'ana kamodzi, nabweza foni m'thumba, napitiriza kufotokozera mlimi wa ku Shimabala kusiyana kwa mbewu yocha msanga ndi yochedwa. Mawu ake sananjenjemere. Koma mlimiyo atachoka, anapita kuseri kwa matumba a feteleza n'kuima pamenepo, atagwira m'chiuno, mpaka mpweya unabwerera.

Loweruka m'mawa anakumana ndi Chimuka pasiteji. Anakhala mpando umodzi monga mwa masiku onse, koma Chimuka sanatulutse foni. Minibasi itadutsa Shimabala, anatsokomola pang'ono, nayambitsa nkhani ya mpikisano wa gemu umene unali mawa lake, Lamlungu.

"Ba Tereza, nifuna nikambe na imwe pa za mpikisano wa mailo."

"Kambani."

"Tinakambana na anyamata. Tizangena na msuweni wa Given. Ni mailo chabe, mukamvetse. Pambuyo pake muzabwelela."

Tereza anayang'ana pawindo. Minda inali youma, yodikira mvula. "Mwanichotsa."

"Awe, sitinakuchotseni."

"Nenani chabe kuti nakalamba. Zala zanga ni za nkhuni, naziba."

"Si zala." Chimuka anatembenuka kumuyang'ana. "Given ndiye saziba kuombela, amaombela na mitengo yonse. Koma akagwa amakuwa monga mbuzi ili pa chingwe, tonse timathamanga kukamuutsa. Imwe mukagwa, zii. Timakufunsani muli kuti, mwafa kudala, kalekale. Timasala batatu osaziba."

"Sinifuna kuvutitsa anthu."

"Manje mumativutitsa maningi mukakhala chete."

Magazi anamuthamangira kumutu Tereza. Mwana uyu, wobadwa iye ali kale pantchito! "Ine atate atamwalila ninalela azing'ono anga neka," anatero, mawu akukwera mpaka kondakitala anacheuka. "Sininalilile munthu aliyense."

"Ni zoona, ba Tereza," anayankha Chimuka motsitsa. "Koma ise sitili azing'ono anu."

Minibasi isanafike mu Lusaka, Tereza anatulutsa foni, nadina chithunzi cha gemuyo mpaka chinanjenjemera, nachifufuta Chimuka akuona. Potsika sanatsanzike.

Analowa m'kalasi mtima ukadali m'mwamba. Mphunzitsi, bambo wamtali wolankhula mothamanga, anadzaza bolodi ndi zizindikiro. Tereza anayamba kukopera monga mwa chizolowezi, koma pakati pa tsamba dzanja linaima. Anayang'ana zimene analemba. Zinali zaukhondo, zolondola, ndipo panalibe mzere ngakhale umodzi umene ankaumva. Anatsegula masamba akumbuyo. Chimodzimodzi. Kope lonse linali ngati nyumba yosesedwa bwino koma yopanda wokhalamo.

"Pali funso?" anatero mphunzitsi, atagwira kale chofufutira.

Dzanja la Tereza linakwera. Sikunali kulimba mtima. Unali mkwiyo womwewo wa m'minibasi umene unasowa kolowera.

"Inde, amayi?"

"Sindinamve."

"Pati?"

"Ponse. Kuyambira sabata yachiwiri."

Kumbuyo wina anaphulika kuseka, mnzake n'kumutontholetsa. Mphunzitsi anayang'ana wotchi, kenako bolodi.

"Pepani, amayi, sindingabwerere kumeneko. Mayeso ayandikira ndipo tatsalira kale. Mubwere ku ofesi Lachiwiri m'mawa."

"Lachiwiri ndimakhala kuntchito, ku Kafue."

"Ndiye mupeze anzanu okuthandizani." Anafufuta bolodi n'kupitiriza.

Tereza anakhala mphindi zotsalazo atauma ngati chitsa. Ndiye zimenezi? Munthu udzivule pamaso pa ana, malipiro ake akhale kukuuza za Lachiwiri? Anaganiza zotuluka, kukwera minibasi, n'kukauza Wenceslaus kuti nkhani ya sukulu yatha. Iye sakanamunyoza. Akanangoti, "Mwayesetsa," ndipo mawu amenewo ndiwo ankawaopa kuposa onse.

Kalasi itatha anatuluka mofulumira, koma pafupi ndi mtengo wa jakaranda anamva mapazi kumbuyo kwake.

"Ba Mami!"

Anali Joy, mtsikana wochepa thupi amene ankakhala pakona osalankhula ndi aliyense. Anaima akupotokola lamba wa chikwama.

"Ngati wabwela kunimvela chifundo, bwelela," anatero Tereza.

"Awe. Nenze kufuna chabe kukamba kuti na ine sinimvela. Kuyambila sabata yoyamba. Nenze kuganiza kuti imwe muziba vonse. Mumalemba maningi. Nenze kuyopa kukufunsani."

Tereza anamuyang'ana. Kuseka kunamubwerera kukhosi, kowawa ngati mankhwala a malungo.

"Ndiye akhungu tilipo awiri. Khala pansi."

Anakhala pabenchi ya simenti n'kutsegula buku pa mutu woyamba. Anawerenga funso mokweza, aliyense nalemba zake. Joy anapeza yankho lina, Tereza lina, ndipo kumapeto kwa buku kunali lachitatu. Anayesanso. Tsopano mayankho awo anafanana, koma ndi la m'buku anasiyanabe. Tereza anamenya benchi ndi chikhatho.

Panjira pankadutsa mnyamata wa malaya ofiira, amene nthawi zonse ankayankha mafunso m'kalasi. Mwina ndiye anaseka uja, Tereza sanasamale.

"Iwe wa malaya ofiira!" anakuwa, mpaka mbalame zinabalalika mumtengo. "Bwela kuno. Tagwa."

Mnyamatayo anacheuka, nadziloza pachifuwa modabwa, kenako anayamba kubwera. M'chikwama foni inanjenjemera kawiri. Tereza anadziwa kuti ndi Chimuka, ndipo anali asanakonzeke kumukhululukira. Anasendera kuti mnyamatayo apeze pokhala. Duwa la jakaranda linagwera pakati pa tsamba, penipeni pa funso lovutalo. Analiuzira pambali, nalozapo ndi chala.