Pakamwa pa Mirte

Kwathu kuno mumzinda wa Zwolle munthu akapsa mtima amatukwana ndi matenda. Tayala la njinga likaphwa, khansa. Mpira ukaphonya golo, khansa. Ana amatola mawuwo kwa akulu ngati chimfine, ndipo palibe amene amawaganizira kawiri.

Mirte nayenso sanaganize kawiri tsiku limene Tjibbe, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, anamugwetsera chikwama m'ngalande akupikisana panjinga pochokera kusukulu. "Khansa ikugwire, chitsiru iwe!" anakuwa. Tjibbe anaseka mpaka kutsala pang'ono kugweramo naye. Masamba asanathe kuyoyoka m'mitengo, mpando wa Tjibbe m'kalasi unali wopanda munthu. Madokotala anali atamupeza ndi khansa ya m'magazi.

Kuyambira pamenepo Mirte sanapondeko kwa mnzakeyo. Anzake ankapita kuchipatala ndi zojambula ndi maswiti akuda amchere amene timawakonda kuno, iye tsiku lililonse mutu unkamuwawa. Mumtima ankakhulupirira ndithu kuti ndiye anamudwalitsa, ndipo mantha ndi manyazi zinkamudya osauza munthu.

Aphunzitsi awo, a Annelot, anawawerengera ana buku la mtsikana wodwala khansa ndi mnzake wapamtima, pang'onopang'ono m'mawa uliwonse mpaka linatha. Ngakhale anyamata odzimva aja anapukuta m'maso ndi manja a majuzi. Kenaka kunamveka zoti Tjibbe wabwerera kunyumba, madokotala asiya mankhwala. A Annelot sazungulira poyankhula. Anamuikira Mirte bukulo m'manja.

"Tjibbe waitanitsa bukuli, ndipo wati ulipititse ndiwe. Nthawi yake yachepa, Mirte. Upita wekha, kapena ndikuperekeze?"

Anapita yekha, mvula ikumumenya kumaso. Bedi la Tjibbe analiika pabalaza, pafupi ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu. Anali ataonda, tsitsi lonse litathothoka.

"Taonani mlendo! Ine ndimayesa unasamukira ku Belgium," anatero Tjibbe. Mirte anangoima, madzi akudontha pajekete. "Nena, iwe. Nena kuti mutu wangawu uli ngati dzira lowiritsa. Aliyense akungondinong'oneza ngati khanda, nawenso uyambe zomwezo?"

Apa Mirte anaphulika kulira. "Ndine ndinachititsa! Tsiku lija la chikwama ndinati khansa ikugwire."

"Aaa, ndiye chifukwa chake sumabwera? Koma ndiwe wopepera eti! Pakamwa pakanakhala kuti pamadwalitsa, oyimbira mpira onse akanatha kalekale. Bambo anga okha akanamaliza theka." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Chitaleka anayang'ana kuzenera. "Masiku ano sakutukwananso, amangoonera mpira duu. Zimenezo zimandiwawa kuposa jakisoni."

Mirte anakhala m'mphepete mwa bedi. Mtima unapepukako, koma chisoni chinalowa m'malo onse amene mantha anachokamo, pakuti anaona miyezi imene anataya pachabe.

"Amayi anakana kundigulira bukulo," anatero Tjibbe akulitosa ndi chala. "Ndikafunsa aliyense, akuti waiwala mathero ake. Kalasi yonse kuiwala? Iwe usandinamize. Mtsikanayo amachira?"

Kukhitchini makapu amene amayi a Tjibbe ankatsuka anasiya kulira. Bodza linali pafupi, laling'ono, lofewa, ndipo Mirte analilakalaka kwambiri. Koma maso a mnzakeyo anali pa iye.

"Ayi. Amamwalira."

Tjibbe anagwedeza mutu. "Ndimadziwa ine. Pamenepo usawerengepo, zachipatala ndatopa nazo. Nanga mnzake uja? Amakhala ndi ndani m'kalasi?"

"Poyamba yekha."

"Amadzasekanso?"

"Amadzaseka. Koma patapita nthawi."

"Tsegula pamenepo," anatero Tjibbe, akukokera bulangeti m'khosi ndi kutseka maso. "Uwerenge pang'onopang'ono, osati mojejema ngati m'kalasi. Ine sindidzakhalapo, ndiye ndikufuna ndimveretu kuti iwe zidzakuthera bwanji."

Mirte anapukuta mphuno, napeza tsambalo, n'kuyamba kuwerenga.