Msilikali Wokana Nkhondo

Chimwalirireni mng'ono wake, wokonza mafoni wina ndiye ankayankha madandaulo a osewera. Malemuyo anawonjezera ufumu wakewake, wa afiti okwera zinjoka, m'masewera a nkhondo a pakompyuta, ndipo anthu anaukonda kwadzaoneni.

Dandaulo linali limodzi: "Akulu, msilikali wina wa mkondo sakumva. Nkhondo ikafika pa mwana wakana phala, iye amangotembenuka n'kumapita."

"Fufutani, muikenso," ankawayankha mwachidule, makasitomala atamuimirira pamutu. Osewerawo ankaikanso masewerawo, koma msilikaliyo osasintha.

Tsiku lina masana, m'sitolo muli zii, anaganiza zomulondola msilikaliyo m'masewerawo. Msilikaliyo ankakoka mwendo wamanzere, mmene ankayendera malemu matenda atamufoola. Anadutsa nkhalango, anawoloka mlatho, n'kukaima kumapeto kwenikweni kwa mapu. Pamenepo panali kanyumba ka zenera long'aluka pakona, ngati la chipinda cha malemu kunyumba. Koma khomo panalibe. Mng'ono wakeyo anagonekedwa m'chipatala asanalijambule, ndipo kumeneko nyimbo yake inali imodzi: "Achimwene, ndikagone kwathu."

Wokonza mafoni anapukuta m'maso, najambula khomo. Msilikali analowa.

Posakhalitsa mauthenga anayamba kugwa: "Zatheka akulu, dzanja lanu ndi labwino!"

Ataweruka n'kufika kunyumba, anapeza mkazi wake ataima panja, manja ali m'khosi.

"Kodi chipinda cha alamu munatsegula ndinu?"

Iye anapisa m'thumba. Kiyi anali momwemo, monga mwa masiku onse chichitikireni maliro.

M'katimo bedi linalira, ngati munthu wotopa akutembenuka.