Timatabwa ta Pansi pa Mahita

Mapaipi anayambanso kugunda m'khoma ngati wina akumenya ndi hamala. Tawina anatuluka kuchipinda maso ali psuu. Anali atangoweruka kuchipatala m'mawa womwewo, ndipo linali tsiku lachinayi asakugona bwino.

Nyumba imene ankachita lendi ku Nedlands, mumzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja, inali yakalekale, yofunditsa ndi nthunzi. Kuseri kunali boila yowiritsira madzi, ndipo chipinda chilichonse chinali ndi hita yachitsulo.

Mwamuna wake Overton anamukodola kukhitchini.

"Ndalankhula ndi pulambala," ananong'ona. "Akuti mahita amenewa amawapendeketsa dala, kuti nthunzi ikazizira madzi azibwerera ku boila. Akaima chilili madzi amadikha, nthunzi n'kumawamenyetsa kuchitsulo. Wafunsa ngati wina wachotsa timatabwa tapansi."

Tawina anagwira pakamwa. Wochotsa timatabwato ankamudziwa: bambo ake, a Chisenga, mmisiri womanga nyumba. Anawaitanitsa ku Perth mayi atamwalira, koma miyezi iwiri yonse ankangokhala pawindo ali ndwii. Anali atanena kale kuti awagulire tikiti azibwerera, poti kuno ndi katundu chabe. Tsiku limene anapeza levulo yoyezera kupendama m'galaja n'kuwongola mahita onse ndilo anayamba kuseka. "Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa! Azungu anamanga ataledzera awa," anatero tsikulo.

"Mukawauza, mawa lomwe alongedza," anatero Tawina. "Kumudziko akakhala ndi ndani? Bola ndizigona m'galimoto."

"Ndiye ukabaye odwala jakisoni ukusinza? Komanso ine mkamwini ndikayambira pati kuuza apongozi kuti alakwitsa?"

Overton anazungulirazungulira, kenaka anapita pabalaza, nanjuta pafupi ndi mpando wa a Chisenga.

"Bambo, mutu umodzi susenza denga. Pulambala akuti mwina nyumbayi yatitimira mbali imodzi, ndiye mahita akufunika kupendeketsa pang'ono. Ine za levulo sindizitsata."

A Chisenga anamuyang'ana. Paipi inagundanso kawiri. Overton anazyolika, chifundo chitamugwira.

"Akamwini, nyumba yakhala zaka zonsezi, n'kudzatitimira sabata imene ine ndagwira levulo?" Anapukusa mutu. "Musandinyengerere ngati mwana. Bodza simulitha inu. Timatabwa tija ndinachotsa ndine, ndipo mwana wanga sakugona chifukwa cha ine."

Tawina, amene anaima pakhomo, anamva misozi ikubwera. "Adadi, simunadziwe."

"Kusadziwa n'kufa komwe. Ndikanafunsa."

A Chisenga anadzuka, napita kugalaja. Anabwera ndi timatabwa tija, poti mmisiri sataya thabwa. Overton anazimitsa boila, ndipo zitsulo zitazizira iye ankanyamula hita, mkuluyo atagwada n'kumalowetsa kathabwa, diso lili pa levulo. Anayenda chipinda ndi chipinda mpaka masana. Atayatsanso, anaima onse atatu kumvetsera. Nthunzi inangoti sii, m'khoma muli zii.

Tawina sanapite kukagona. Ankadikira mawu a tikiti, mtima uli m'mwamba.

A Chisenga anasasa fumbi m'mawondo, nasuzumira panja.

"Akamwini, geti lanulo lapendama. Nalonso ndi dala?"

"Ayi bambo, limenelo ndi lowonongeka basi."

"Funsani kaye eni nyumba, tisabwereze za dzana. Akalola, mundigulire simenti." Analoza mpanda. "Mpanda wonsewo ndi ntchito ya miyezi itatu, ndipo ine sindisiya ntchito pakati."