Ndere za M'bafa la Achimwene

Anzake a m'kalasi ankamutcha Sopo, ndipo iye sankalikana dzinalo. Chimwalirireni achimwene ake, mtsikanayu sankatha kuona kalitsiro osakapukuta. Miyezi imene anawadwazika kuchipatala inamuphunzitsa chinthu chimodzi: tsuka, tsukanso, mwina munthu achira. Munthuyo sanachire, koma manja a Sopo sanaumve uthengawo.

Choncho aphunzitsi a sayansi atauza kalasiyo kuti ipange thanki yagalasi ya mu labu, momwe zomera, nkhono ndi nsomba zizikhalira limodzi n'kumadyetsana zokha, panalibe wofunsa kuti wosamalira madzi akhala ndani. Nsungwi, mnyamata wamtali woti ankawerama polowa pakhomo, anadula magalasi a mawindo akale n'kuwamata ndi guluu. Wailesi, mtsikana wosatseka pakamwa, anatuta miyala ndi mchenga. Zotsalazo zinali za Sopo.

Mchenga anauwiritsa. Miyala anaikwecha ndi burashi mpaka zala kusupuka. M'mawa uliwonse ankataya madzi onse n'kuthira atsopano a pampopi. Thankiyo inkawala moti atsikana ankadziyang'anirapo tsitsi.

Tinsomba toyamba tinafa. Tachiwiri tinayandamanso, mimba m'mwamba.

"Anthuni, ife sitinapange thanki," anatero Wailesi akuvuula kansomba ndi supuni. "Tapanga motchale yokongola kwambiri m'tauni muno."

Palibe anaseka. Nsungwi anamuponda phazi. Wailesi anayang'ana Sopo n'kugwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

"Simuikamonso chamoyo m'menemu," anatero aphunzitsi, "mpaka mundiuze chimene chikupha nsombazi."

Sopo atafika kunyumba anapeza amayi ake akuanula zovala, nkhope atatembenuzira kukhoma. Kuseri kwa nyumba kumeneko kunali bafa lakale lachitsulo. Achimwene ankasungiramo tinsomba tawo tomwe anakatola mu ngalande ya kuseri kwa galaja imene ankagwirako ntchito. Akaweruka ankafikira pamenepo, ovolosi osavula, kumatilankhula ngati ana awo. Chichitikireni maliro panalibe amene anayandikirapo. Zinthu zina zonse za achimwene Sopo anachapa n'kupinda, koma bafalo miyendo inkamukanira.

"Loweruka ndikutaya madzi amenewa," anatero amayi.

"Amayi, ndi za achimwene zimenezo."

"Ndikudziwa kuti n'zake. Ndikamayanika zovala ndimamuona atanyonyomala pamenepo. Ndatopa, mwanawe. Kaya muli chiyani m'menemo, Loweruka ndikutaya."

Amayi atalowa m'nyumba, Sopo anadzikoka mpaka pabafapo. Madzi anali obiriwira, ndere zili yangayanga, masamba oola atadzaza pansi. Fungo lake linali la dambo. Anaweramira kuti aone mitembo. M'malo mwake kanthu kanathwanima pansi pa ndere, kenako kena, kenako gulu lonse. Tinsomba tija tinalipo, tonenepa bwino, tikuthamangitsana.

Chimene chinamugwira poyamba si chimwemwe ayi, unali mkwiyo. Iye wasupuka zala, nsomba zake n'kumafa m'galasi lowala. Izi zosatsukiridwa, zosadyetsedwa, mwini wake ali m'manda, zikusewera. Komabe zinali zamoyo, ndipo pa zonse zimene achimwene anasiya, zopuma zinali zokhazi. Loweruka zikathera pa dothi. Akazipititsa kusukulu, thanki yake yomwe ikazipha.

M'mawa mwake analowa mu labu ndi kabotolo ka madzi obiriwira.

"Sopo wanyamula litsiro!" anakuwa Wailesi. "Nsungwi, tuluka ukaone ngati dzuwa latulukira kolondola."

Sopo anangomudutsa. Anafotokozera aphunzitsi za bafa lija. Aphunzitsi anatulutsa maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, n'kumuuza kuti aike dontho la m'thanki. Sopo anasuzumira. Munali mbee, ngati chipinda chosesedwa anthu atasamuka. Kenako anaika dontho la m'kabotolo.

Anadzidzimuka mpaka kugunda mpando. M'kadontho kamodziko munali piringupiringu ngati pa siteji ya basi: tina tozungulira, tina topalasa ndi timiyendo, tina tokwawa pa ulusi wa ndere.

"Tandiuza, ukuona chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Muli anthu," anatero Sopo, kalasi yonse n'kuphulika kuseka. Iyenso anaseka, koyamba chaka chimenecho, kenako anasuzumiranso. "Ndiye kuti tizilomboti ndi timene timadya zonyansa za nsomba. Zomera n'kudya zotsala, nsomba n'kudya tizilombo." Anayang'ana manja ake. "Ine ndimatipha m'mawa uliwonse."

"Ndipo madzi a pampopi ali ndi mankhwala ophera tizilombo," anatero aphunzitsi. "Kwa ife ndi abwino. Kwa nsomba, ayambe agonera m'ndowa. Tsono mutani?"

Loweruka m'mawa amayi atatsegula chitseko anapeza ana asukulu ali ndi ndowa, mabeseni ndi wilibala.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero Wailesi akugwada. "Tabwera kudzasamutsa alendo anu aja osalipira lendi."

Amayi anangoti kukamwa yasa, n'kupatuka.

Anawo sanasiye kanthu. Anatunga madzi, anakokolola matope, anatola nkhono imodziimodzi pamodzi ndi masamba oola omwe. Tinsomba anatiika m'ndowa ya Sopo. Mumsewu anthu ankaima kuonerera mzere wa ana ovala bwino atasenza madzi onunkha, Nsungwi ali patsogolo ndi wilibala ya matope, akukuwa ngati kondakitala kuti anthu apatuke.

Atathira zonsezo m'thanki, madzi anachita bii ngati tiyi wopanda mkaka. Nsomba sizinkaoneka n'komwe.

Apa ndi pomwe panali ntchito yeniyeni. Lolemba Sopo anaima pa galasi lodetsedwalo, manja akumuyabwa. Anafunafuna burashi yake osaipeza. Nsungwi anali ataiika pamwamba pa kabati, poti wina aliyense sakanafikira.

"Ndingopukutako pang'ono pokha," anachonderera Sopo.

"Mayi Sopo, manja m'thumba," anatero Wailesi. "Ukaikhudza thankiyi ndikulengeza sukulu yonse, ndipo ukundidziwa."

Tsiku lililonse ankabwera, kuima, osachita kanthu. Kunali kovuta kuposa kukwecha miyala. Kuchipatala kuja ankakhala ndi chochita. Apa ankangoyenera kudikira, osadziwa ngati m'kati mwa mdimawo muli zamoyo kapena zakufa.

Matope anayamba kukhazikika okha. Nkhono zinayenda pagalasi n'kusiya tinjira toyera. Zomera zinatulutsa timasamba tatsopano, ndipo dzuwa likalowera pawindo tithovu ta mpweya tinkakwera kuchokera pa masambawo. Tsiku lina m'mawa madzi anali mbee, osati kuyera kwa chipinda chopanda anthu kuja, koma koonetsa zonse zili m'kati. Tinsomba ta achimwene tinali tikuzungulira miyala ya Wailesi ngati tinabadwira pomwepo.

Amene anaona zinazo ndi Nsungwi. Anapinda msana wake wautaliwo, mphuno pagalasi.

"Sopo, tabwera. Tinyenyeswa iti tili ndi maso."

Pakati pa mizu panali tiana, tating'ono ngati nsonga ya singano, tikugwedeza timichira. Wailesi anathamangira pakhonde n'kuyamba ntchito yake. Makalasi anakhuthukira mu labu, aphunzitsi ena akuponda zala za ana pofuna kuona, aphunzitsi a sayansi akungoti "Ana anga amenewo, apanga okha!" kwa aliyense wolowa.

Madzulo ake Sopo anabwera ndi amayi ake, atawagwira dzanja ngati mwana. Amayi anaima patsogolo pa thanki ija, kenako ananyonyomala pang'onopang'ono mpaka nkhope inafanana ndi tiana tija.

"Iii, nanga ndere zili pakonazi?" anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Sukuziona, iwe wa ukhondo?"

"Ndikuziona, amayi," anatero Sopo, manja ali m'thumba. "Zisiyeni. Ndi chakudya cha adzukulu anu."