Dzina la Bwana mu Kompyuta

Kompyuta itafika ku ofesi ya bungwe lina la alimi ku Rufunsa mu 1989, woikonza anali Levy, amene adakaphunzira za makinawo ku Lusaka. Levy anali munthu wa "inde bwana". Bwana akanati mbuzi iyi ndi nkhosa, iye akanayamikira ubweya wake. Nyumba ya malata imene ankakhalamo inali ya bungwe, ndipo ankaopa kutulutsidwamo kuposa imfa.

Makinawo ankayendera dongosolo lotchedwa Unix. Pulogalamu yosunga maina a alimi olandira mbewu inkafuna mwini wake, dzina wamba losakhala la munthu, loti mafayilo onse azikhala pansi pake. Levy ankazidziwa bwino zimenezi. Koma manijala, ba Fidelis, amenenso anali wapampando wa chipani m'deralo, adasuzumira pagalasi la kompyutayo.

"Iwe Levy, mwine wa vintu muno ni ndani? Lemba zina yanga."

Levy adalemba, akumwetulira mpaka masaya kuwawa.

Chaka chisanathe, ba Fidelis adayambana ndi akuluakulu a chipani ndipo adachotsedwa ntchito. Mwachizolowezi, chithunzi chawo chidatsitsidwa, chikwangwani cha pachitseko chidazulidwa, ngakhale kapu yawo ya tiyi idaponyedwa kudzala. Manijala watsopano, ba Cephas, atayatsitsa jenereta, adaona dzina la mdani wawo likuwala pagalasi.

"Uyu akali muno? Muchose, na vonse vake!"

Kufufuta dzinalo ndi zonse zake kunali kufufuta alimi onse, ndipo tepi yosungirapo kope la mainawo inali isanabwere kuchokera ku Lusaka. Mawu ochenjeza adamufika Levy pakhosi, koma atakumbukira nyumba ija adawameza. Chonyansa n'chakuti lamulo lofufutalo adalilemba mu kompyuta mwaluso.

Mvula itayandikira, alimi a ku dera la Shikabeta adafika wapansi ndi matumba opanda kanthu kudzalandira mbewu. Makina sadadziwe ngakhale mmodzi. Phokoso litakula panja, ba Cephas adaitana Levy.

"Anagwila mashini ni ndani?"

"Ndine, bwana, koma munaniuza kuti…"

"Ine? Ine niziba va kompyuta?"

"Iyayi, bwana."

"Manje olakwa ni ndani?"

"Ndine, bwana."

Loweruka lake katundu wa Levy anali m'mbali mwa msewu waukulu. Mkazi wake Dorcas adakhala pamatiresi atamufulatira, akudikira basi. Galimoto ya ba Cephas itadutsa n'kuwathira fumbi, Levy adaimirira n'kuvula chipewa.